Zilumba za Maleri ndi mapiri a Senga: mmene mungayendere paki ya panyanja kuchokera ku Salima

Loweruka lililonse nyengo yotentha, msewu wa M14 umadzaza ndi magalimoto ochokera ku Lilongwe. Anthu amatsikira ku Senga Bay, amayala nsalu pamchenga, amaotcha nyama, amasamba pang'ono m'madzi olekeza m'chiuno, dzuwa likapendeka n'kuyamba ulendo wobwerera. Ine ndinakulira kuno ku Salima, ndipo ndimakondwa anthu akamabwera, chifukwa nyanjayi ndi ya tonse. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amabwerera osadziwa kuti zilumba zitatu zimene zimaoneka chakumwera, Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, ndi gawo la Lake Malawi National Park. Anthu akamva dzina la pakiyi amaganiza za Cape Maclear ku Mangochi kokha, kumene kuli likulu lake. Komatu chigawo china chili pakhomo pathu pompano.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Sanaikhazikitse chifukwa cha njovu kapena mikango ayi. Anaikhazikitsa chifukwa cha nsomba, makamaka tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna. N'chifukwa chake malire ake salekera pamtunda: madzi onse ozungulira zilumbazi mpaka mamita 100 kuchokera m'mphepete ndi otetezedwa, ndipo saloledwa kuponyamo ukonde kapena mbedza. Paki yotere siioneka bwino uli pawindo la galimoto. Imafuna kuti uyende ndi mapazi, ndiponso kuti uviike nkhope m'madzi. Malangizo ndikulembawa ndi a ulendo wa masiku awiri kapena atatu, woti banja wamba lingaukwanitse likakonzekera.

Yambani ndi kusankha mwezi

Zonse zimene zikubwera m'munsimu zidalira nyengo, choncho musathamangire kusungitsa malo ogona musanaganize za mphepo ndi mvula.

Kuyambira cha mu May mpaka August kumaomba mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa. Mwera ukalusa, nyanja imachita mafunde oti ngakhale asodzi okhwima amakokera mabwato awo pamtunda n'kukhala pansi kumasoka maukonde. Nthawi imeneyi kumazizira bwino, koyenda m'mapiri kumakoma, koma ulendo wa pachilumba ukhoza kulephereka masiku awiri otsatizana. Ngati mwasankha miyezi imeneyi, bwerani ndi tsiku lapadera loyembekezera.

Nyengo ya mvula ili ndi vuto lina limene alendo ambiri salidziwa. Mtsinje wa Linthipe, umene umatenganso madzi a mtsinje wa Lilongwe, umathira m'nyanja kufupi ndi zilumbazi. Mvula ikagwa kumtunda, dothi lokokoloka m'minda ya ku Dedza ndi ku Lilongwe limabwera lonse n'kudetsa madzi. Mu January ndi February mukhoza kuviika nkhope osaona ngakhale dzanja lanu bwinobwino. Dothi lomweli likakhazikika pamiyala limakwirira ndere zimene mbuna zimadya, ndiye mukamva anthu akulankhula zodula mitengo kumtunda, dziwani kuti nkhaniyo imafika mpaka kuno. Ubwino wa nyengo ya mvula ndi umodzi: zilumba zimabiriwira, ndipo mbalame zimachuluka.

Kwa ine, miyezi yabwino ndi September, October ndi kumayambiriro kwa November. Nyanja imakhala bata, madzi amayera mpaka kuona mchenga wa pansi. Koma kumatentha zedi, kutentha kwa ku Salima koti pofika 10 koloko mchenga sungaupondenso wopanda nsapato. April ndi kumayambiriro kwa May nakonso n'kwabwino, mvula itangosiya, mwera usanalimbe.

Kufika ndi zonyamula

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Oyenda pa minibasi mudzatsikira pa Kamuzu Road, pamene pamadutsa msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja. Kuchoka pamenepo kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo zokwera sizisowa. Gulani madzi akumwa ndi zakudya m'tauni, komanso tapani ndalama konko. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito kugombe, koma eni maboti ambiri amakonda ndalama ya m'manja.

Fikani madzulo, mugone ku Senga Bay. Malo ogona alipo a matumba onse, kuyambira mahotela akuluakulu monga Sunbird Livingstonia mpaka tinyumba ta alendo ta m'mudzi. Kulikonse kumene mugone, onetsetsani kuti pali neti. Udzudzu wa kunyanja suchita nthabwala, ndipo malungo kuno ndi a chaka chonse.

Nyamulani chiphaso cha unzika, chifukwa Amalawi amalipira ndalama yochepa polowa m'paki kusiyana ndi alendo akunja. Nyamulani nsapato zotseka zogwira bwino pamwala, chipewa, malaya a manja aatali opepuka, madzi osachepera malita awiri munthu aliyense, ndi thumba la pulasitiki lolimba loikamo foni. Thumba lina likhale la zinyalala. Magalasi oonera pansi pa madzi ndi kapaipi kopumira amabwereketsa kugombe, koma ayeseni musanakwere boti: ikani galasilo pankhope osamanga lamba, kokani mpweya ndi mphuno, likamatirira ndiye kuti sililowa madzi.

Kupangana za boti: chitani madzulo, osati m'mawa

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuonongekera, ndiye ndikhalitsapo.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kudzera pa malo ogona alendo a Blue Zebra amene ali pachilumba cha Nankoma. Iwo ali ndi maboti awo onyamukira ku Senga Bay, ndipo muyenera kulankhula nawo masiku angapo ulendo usanafike. Njira imeneyi ndi yokwera mtengo koma zonse zimakhala zokonzedwa kale. Yachiwiri ndi kupangana ndi eni maboti a kugombe, kudzera kwa anyamata operekeza alendo kapena kwa eni malo amene mwagona. Mukakhala gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi n'kusonkherana, mtengo wake umapepuka.

Mukasankha njira yachiwiri, pitani mukalione botilo ndi maso anu dzuwa lisanalowe. Perekani moni kaye, mufunse za kunyumba, musayambe ndi mtengo. Kenaka funsani momveka: "Achimwene, majekete oyandamitsa alipo angati? Tingawaone?" Awerengeni. Akhale okwana aliyense, ndipo ngati muli ndi ana, pakhale aang'ono owakwana, chifukwa jekete ya munthu wamkulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Funsani ngati mafuta ndi okwana kupita ndi kubwera ndi ena otsala. Funsani ngati muli nkhafi m'botimo, injini ikazima. Funsani kuti ndalama yolowera m'paki ili mumtengo womwewo kapena mulipira padera, ndipo mukalipira mulandire lisiti. Ndalama imeneyi ndi ya nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo munthu akakuuzani kuti "tidzera kuseri, simulipira", mukaneni mwaulemu. Mupanganenso nthawi yonyamuka, nthawi yobwerera, ndi zilumba zimene mufikeko. Perekani theka la ndalama, theka lina mudzapereke pobwera.

Ndikulimbikira za majekete chifukwa zinandionekera. Chaka china mu July tinakwera boti ndi abale ochokera ku Kasungu, tili asanu ndi awiri, majekete atatu okha. Popita nyanja inali ngati mphasa. Pobwerera masana mwera unadzuka, madzi n'kumalowa m'boti, mlamu wanga akukapa ndi chigubu chodula, ana akulira. Tinafika, koma kuyambira tsiku limenelo sindikweranso boti ndisanawerenge majekete. Ndipo mwini boti akakuuzani m'mawa kuti lero nyanja siili bwino, musamukakamize ngakhale mwachokera kutali. Iye amaidziwa kuposa inu.

M'bandakucha: yendani kaye kudoko

Boti lanu linyamuke cha m'ma 7 koloko, koma inu dzukani kusanache. Ulendo woyamba wa pansi ndi wa pagombe, kulowera kudoko la asodzi la Nguwo. Mudzamva kuitana kwa kumzikiti, chifukwa dera la Mfumu Yaikulu Maganga lili ndi Asilamu ambiri, ndipo mudzaona nyali za asodzi a usipa zikuyandikira kumtunda. Usiku wonse amakhala ali panyanja ndi ukonde wa chilimira: msodzi wotchedwa siginala amayatsa nyali pabwato lake kuti usipa usonkhane, anzake n'kuzinga ndi ukonde. Akamakocheza, amayi ogula nsomba amakhala atafika kale ndi mabeseni, ndipo pasanathe ola usipa umakhala utayanikidwa pamathandala, ukunyezimira.

Apa si m'paki, ndi pantchito pa anthu. Valani modzilemekeza, amayi mangani chitenje pamwamba pa zovala zosambira. Musajambule munthu musanapemphe. "Mayi, ndingajambule nawo nsombazi?" ndi mawu ochepa, koma amatsegula macheza, ndipo mukhoza kuphunzira kusiyanitsa utaka, mcheni ndi kampango kwa anthu amene amazigwira tsiku lililonse. Mukacheza ndi asodzi achikulire, afunseni za chilumba cha Mbenje, chakumpoto m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kumeneko mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri kuti nsomba ziswane, ndipo pachilumbapo salola mowa. Ndimakonda kuti alendo amve zimenezi asanafike m'paki, kuti adziwe kuti kusunga nsomba si nzeru yobwera ndi azungu.

Pachilumba: yendani kaye, kusamba pambuyo

Mwa zilumba zitatuzi, Maleri ndiye chachikulu, Nankoma chachiwiri, Nakantenga kakang'ono. Tinjira toyendamo tokonzedwa bwino tili pa Nankoma. Pa Maleri pamafunika munthu wodziwa malo, chifukwa ndi thengo ndi miyala. Mukafika, mtima udzafuna kudumphira m'madzi nthawi yomweyo. Dziletseni. Yendani kaye kukadali kozizira, madziwo muwapeza dzuwa litakwera, pamenenso kuwala kumalowa bwino pansi.

Yendani mwakachetechete, mmodzi kutsogolo wina pambuyo. Choyamba kuchiona ndi mitengo. Pazilumbazi nkhwangwa sinadutse ngati kumtunda, ndiye muona mmene gombe lonse la Salima linkaonekera kale: milambe ikuluikulu, mikuyu imene mizu yake yakumbatira miyala ngati zala n'kutsikira m'ming'alu kufuna madzi, ndi mitengo ya makungwa oyera osalala imene imaonekera patali nyengo yachilimwe masamba atayoyoka. Ana aonetseni mkuyu womera pamwala, muwafunse kuti ukudya chiyani. Funso limeneli limawagwira kuposa kuwauza mayina.

Mukamva kukwasakwasa m'masamba ouma, imani. Kawirikawiri imakhala ng'azi, ndipo zina ndi zazitali kuposa mita imodzi. Siluma munthu ukaisiya. Imathawira m'madzi n'kusambira mokongola, mchira ukupalasa. M'mphepete mwa miyala, makamaka m'mawa kwambiri, mwina mudzaona katumbu akusaka nsomba ndi nkhanu. Nkhwazi simungaiphonye. Imakhala pansonga ya mtengo wautali, mutu ndi chifuwa zoyera, ndipo ikamalira imaponya mutu kumbuyo, inzake n'kuyankha. Ndi mbalame yomwe ija ili pachizindikiro cha dziko lathu. Operekeza alendo ena amaiimbira likhweru n'kuponya nsomba m'madzi kuti itsike anthu ajambule. N'zokongola, sindikana, koma ine ndimakonda kukhala pamwala n'kudikira kuti igwire yokha. Ukaiona ikutsika popanda woiitana, zikhadabo zili patsogolo, n'kunyamuka ndi nsomba ikuphiriphitha, sudzaiwala. Okonda mbalame amabweranso pa Nankoma kumayambiriro kwa mvula kudzafuna kambalame kosowa ka mitundu yowala kotchedwa African Pitta.

Kwerani mpaka pamalo okwera pamene mitengo yatseguka. Kumadzulo muona gombe la Salima ndi mapiri a kumtunda. Kukayera bwino, kumwera chakum'mawa kumaoneka mapiri a ku Cape Maclear, gawo lina la paki yomweyi, kumene amishoni a ku Scotland anamanga mishoni yoyamba ya Livingstonia mu 1875 asanasamukire kumpoto chifukwa cha malungo. Nthawi zina pakati pa nyanja pamaoneka chinthu ngati utsi wakuda ukukwera kumwamba. Si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mwaunyinji.

Samalani ndi zinthu ziwiri poyenda. Musapise dzanja m'ming'alu ya miyala kapena kuponda pamene simukuona, chifukwa njoka ziliko. Ndipo mukaona chitedze, nyemba zake za ubweya zija, chilambalaleni patali. Musathyole, musatole, musasenze kanthu: chigoba cha nkhono, mwala, nkhuni, zonse zitsale. Moto musayatse. Chilumba chouma cha mu October chikhoza kupsa chonse ndi ndudu imodzi.

M'madzi: chimene mwadzera

Tsopano sankhani malo a miyala pamene madzi ali bata, osati pamchenga, osatinso pamabango. Funsani mwini boti kapena woperekeza kuti akulozereni polowera. Osadziwa kusambira asachite manyazi: valani jekete, gwirani chingwe cha boti kapena dzanja la mnzanu, gonani chafufumimba pamwamba pa madzi. Simufunika kumira. Mbuna zambiri zimakhala m'madzi osaya, mita imodzi kapena awiri kuchokera pamwamba. Lavulirani pang'ono mkati mwa galasi, pakani ndi chala, tsukuluzani, kuti lisachite nthunzi. Lumani kapaipi, pumani ndi pakamwa pang'onopang'ono. Mphindi zoyamba mtima umagunda, kenaka umakhazikika.

Mukakhazikika, musapalase miyendo. Ingoyandamani. Nsomba zimene zinathawa zibwerera, ndipo mudzaona zimene ambiri a ife, obadwira m'mbali mwa nyanja yomweyi, tinakula osaziona: tinsomba ta buluu wa mizere yakuda, tachikasu ngati nthochi yakupsa, ta mawangamawanga, tambirimbiri, tikujompha ndere pamiyala. Dzina loti mbuna linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. M'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba mazanamazana, yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse.

Chifukwa chake n'chosangalatsa, ndipo mukachidziwa mudzayang'ana mosiyana. Mbuna ndi nsomba ya pamwala. Siikonda kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya, poopa kudyedwa. Choncho mbuna za pachilumba china zimakhala zokhazokha mibadwomibadwo, osasakanikirana ndi za chilumba china, mpaka maonekedwe ndi mitundu yake zimasintha. Chilumba chilichonse chili ngati mudzi wokhala ndi mtundu wakewake. Ngati boti lanu lifika pazilumba ziwiri, yerekezani zimene mwaona apa ndi apo. Ndipo nsomba za ku Maleri n'zodziwika kunja: anthu oweta nsomba m'magalasi ku Ulaya ndi ku America amaidziwa nsomba yachikasu yotchedwa Aulonocara ya ku Maleri. Malemu Stuart Grant, amene anakhazikitsa malo osungira ndi kutumiza kunja nsomba zoterezi ku Kambiri Point konkuno ku Senga Bay, dzina lake linaperekedwa ku mtundu wina wa nsombazi.

Sankhani nsomba imodzi yowala kwambiri, muitsatire ndi maso. Imeneyo kawirikawiri ndi yaimuna, ndipo muona kuti ili ndi kamalo kake pamwala kamene ikulondera, kuthamangitsa ina iliyonse yoyandikira. Pachipsepse chake cha pansi chakumchira pali timadontho tachikasu tonga mazira. Kenaka funani ina yosawala, imene kukhosi kwake kwatupa ndipo sikudya. Imeneyo ndi mayi. Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi milungu itatu, osadya, mpaka ana ataswa. Chambo chimene timadya chimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake kugwira chambo nthawi yoswana kumapha mazana a ana pa nsomba imodzi. Mukasuntha pang'ono kufika pamene miyala yathera n'kuyamba mchenga, mwina muona timaenje tozungulira ngati mbale. Tinakumbidwa ndi nsomba zazimuna za mitundu ina pokopa zazikazi.

Anthu ambiri amabwera ndi buledi kapena nsima kuti nsomba ziwaunjikire m'manja. Ine ndikupemphani kuti musatero. Matumbo a mbuna anapangidwira ndere, ndipo nsomba zozolowera kupatsidwa zimasiya khalidwe lake lenileni, lomwe ndi limene mwabwera kudzaona. Musaimenso pamiyala ya pansi pa madzi: ndi yoterera, ndiponso ndiwo munda wa nsombazo. Valani malaya posambira, chifukwa msana umapsa ndi dzuwa osazindikira. Pakatha theka la ola tulukani, mumwe madzi, mupume pamthunzi, kenaka mubwererenso. Kachiwiri ndi pamene mumaona zambiri, mantha atatha.

Nyamukani pachilumba isanakwane 2 koloko masana. Mphepo imakonda kudzuka chakumadzulo, ndipo ndi bwino kufika kumtunda dzuwa likadalipo. Musanakwere boti, yang'anani pamene munakhala: botolo, pepala la bisiketi, chivindikiro, zonse zilowe m'thumba lija.

Amene nthawi kapena ndalama zawachepera, pali kachilumba ka Namalenje kamene kali pafupi, moyang'anizana ndi gombe la Senga Bay. Alendo amakatcha Lizard Island chifukwa cha ng'azi zake. Ndi ulendo waufupi, ndipo mbuna ziliponso.

Tsiku lachiwiri: mapiri a Senga

Mapiri amene ali kumpoto kwa gombe, kuseri kwa hotela ya Livingstonia, ndi nkhalango yotetezedwa. Sali m'paki, koma ndi pamene mungaione bwino paki yonse ya mbali ino muli pamwamba. Pitani ndi woperekeza wa m'deralo. Tinjira ta m'menemo n'tambiri, ta otola nkhuni ndi ta nyama, ndipo n'kosavuta kusokera. Chifukwa china n'chakuti kufupi ndi mapiriwa kuli malo a asilikali a Malawi Defence Force. Woperekeza amadziwa mbali yosayenera kupita, ndipo inu musaloze kamera kumene kuli nyumba kapena zipangizo za asilikali.

Nyamukani 6 koloko isanakwane. Chitunda chake si chachitali kwambiri koma n'cha miyala, ndipo dzuwa likakwera chimalemetsa. Mudzakumana ndi anyani ndi apusi. Zakudya zikhale m'chikwama chotseka, musawapatse kanthu. Pamiyala ikuluikulu yang'anani mbira zikuothera dzuwa. Mukafika pamwamba, khalani pansi, mupeze zilumba zitatu zija chakumwera, muone mtunda umene munayenda dzulo. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo kumpoto imazama mpaka mamita 700, koma kuchokera pamwamba apa chimene chimakugwira mtima ndi mabwato, timadontho takuda tobalalika pamadzi.

Kuseri kwa mapiriwa kuli mtsinje wa Mpatsanjoka ndi madambo ake, kumene kumakhala mvuu ndi mbalame za m'madzi. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, pemphani woperekeza akufikitseni. Apa mverani malamulo mosanyinyirika: musayandikire m'mphepete mwa madzi, musaime pakati pa mvuu ndi madzi, musapite kukada. Mvuu imaoneka yaulesi koma pamtunda imathamanga kuposa munthu. Ng'ona nazonso zimakonda malo a mabango ndi pamathiriro a mitsinje, choncho kumeneko sikosambako, ngakhale muone ana a m'mudzi akusewera. Dziwaninso kuti madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mu 2024 mpaka kumiza magombe ena, ndiye njira ina ya m'mphepete imene munaidziwa kale ikhoza kukhala itasintha.

Ngati mwatsala ndi theka la tsiku

Pobwerera, patukirani ku Kuti Wildlife Reserve, kufupi ndi tauni ya Salima. Kulibe mikango kapena njovu, choncho amalola kuyenda pansi ngakhale kupalasa njinga pakati pa mbidzi, mphalapala, nswala ndi njiri. Kwa ana amene sanaonepo nyama zakutchire, palibe malo osavuta kuposa amenewa. Pitani chakumadzulo, nyama zikamatuluka m'mithunzi.

M'msewu wochokera ku Senga Bay muli ogulitsa ziboliboli, mipando ndi madengu; m'tauni mugule mpunga wa kuno, ndipo ikakhala nyengo yake, mango. Nsomba mugule kudoko kapena kumsika, zazikulu bwino. Kachambo kakang'ono kosakwana chikhatho kasiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo.

Chotsiriza chichitike mutafika kale kwanu. M'nyanja ya Malawi muli likodzo, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi midzi ndi m'mabango, mmene mumakhala nkhono zofalitsa tizilombo take. Munthu ukhoza kulitenga osamva kanthu kwa nthawi yaitali. Lembani tsiku limene munasamba m'nyanja, ndipo pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu pitani kuchipatala, muwauze kuti munali kunyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo kumwa msanga tizilombo tisanakhwime sikuthandiza. Mukaona magazi mumkodzo, kapena mukayamba kutentha thupi masiku ochepa mutabwerako, musadikire milunguyo: pitani tsiku lomwelo, akakuyezeninso malungo.